Nthano Zouza Nkhongo

"Alamu, chiyambireni ine kukamba nthano, palibe munthu amene anadzukapo nkhani ili pakati. Olo mmodzi!"

Anatero alamu anga, amuna awo a achemwali, akudziguguda pachifuwa ndi chipeso. Iwowa ntchito yawo ndi yometa anthu, ndipo kumeta amakutha, bodza ayi. Vuto linayamba atamva kuti kunja kuno kuli anthu amene amaima pamaso pa gulu n'kumakamba nthano, anzawo n'kumawomba m'manja. Basi mutu unazungulira. Shopu anayamba kutseka dzuwa lili paliwombo, ati akukayeserera. Makasitomala ankabwera ndi tsitsi lawo n'kubwerera nalo.

Munthu womuyesererapo ndinali ine. Ndikangoti ndikaone achemwali, ndakhazikidwa kale pampando. Nthano yake imodzimodzi yomweyo, ya munthu amene anameza wotchi. Chosintha chinali kukula kwa wotchiyo. Inayamba ili yapamkono, pofika mwezi wina inali yapakhoma.

Achemwali anafika potopa.

"Achimwene, apezereni gulu lawolo. Anthu akakhala mpaka kumapeto, shopuyo aitseke, ine ndisoka pakamwa. Koma akathawa, Lolemba ndiwaone atagwira mashini."

Ine ndimasesa ku laibulale, kumene Loweruka masana kumabwera okamba nthano. Ndinachita kuwachonderera amayi oyang'anira holo, mpaka kunama kuti alamu anga analiritsapo apolisi ndi nkhani.

Tsikulo holo inadzaza ndithu: azimayi ndi ana awo, madala opuma pantchito, ndi ena amene ankangothawa dzuwa. Alamu anakwera kutsogolo atavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zikhadabo. Anatsegula pakamwa. Zii.

Apa m'pamene ndinazindikira chimene tonse tinachiiwala. Zaka zonsezi munthuyu wakhala akulankhula ndi nkhongo za anthu. Nkhope amangoziona pagalasi, imodziimodzi, nayonso yotsinzina poopa tsitsi. Tsono apa maso a holo yonse anali tong'o pa iye.

"Kunali... kunali munthu..."

Thukuta kamukamu. Achemwali anabisa nkhope kuseri kwa kachikwama.

"Alamu, wotchi!" ndinanong'ona ndili ndi tsache pakona. "M'mezetseni wotchi!"

M'malo mwake anatsika, n'kudutsa pakati pa mipando, n'kukaima kumbuyo kwa mzere womaliza. Kungoona nkhongo zija zitandandalika, mawu anabwerera ngati magetsi.

"Kunali munthu wina wadyera, wosadziwa kulavula!"

Anthu anayamba kupotoza makosi.

"Musatembenuke! Mutu uwongoke! Inu amayi, weramani pang'ono!"

Gulu linaseka poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Ngakhale amayi oyang'anira aja anamwetulira, ine mtima n'kutsika. Achemwali okha ndi amene nkhope inagwa, poona kuti shopu ikupita.

Alamu anatenthedwa. Dzanja linalowa lokha m'thumba la jekete n'kutuluka ndi sizasi. Munthuyu satha kumaliza chiganizo zala zili chete, ndiye ankangodula mphepo, khetekhete, khetekhete, motsatana ndi mawu. Ndinawagwedezera tsache kuti abweze. Iwo anandigwedezera mutu ngati ndikuwayamikira.

Kutsogolo kwawo kunakhala aphunzitsi ena opuma, kasitomala wawo wakalekale, a tsitsi la imvi lopesedwa bwino. Nkhani itafika pamene wotchi inagunda m'mimba pakati pa ukwati, alamu anatsitsa dzanja mwamphamvu.

Tsepu!

Chitsamba cha imvi chinagwera pamiyendo ya mayi woyandikana nawo. Mayiyo anakuwa, manja ali pawigi. Wina kutsogolo anati, "Akumeta anthu kumbuyoko!" Mipando inalira. Ana ananyamulidwa ngati mitolo, madala anaphimba mitu ndi nyuzipepala za laibulale, onse ulendo wa pakhomo. Amayi oyang'anira anandiyang'ana diso lija limauza munthu kuti Lolemba tikambirana.

Anatsala aphunzitsi aja okha, ali phee pampando.

Alamu anapukuta thukuta, n'kundilozera ndi sizasi.

"Mwaona, alamu? Ozindikira nkhani satuluka. Tsono aphunzitsi, wotchi ija itagunda..."

"Ndituluke ndipite kuti ndi chigamba chimenechi?" anatero aphunzitsi osatembenuka n'komwe. "Kodi mumayesa kushopu kuja timakhalira nthano zanu? Munthu angadzuke bwanji mutu uli theka? Malizani kumeta apa. Ndipo pakamwapo mutseke."