Amene Anaima Pansi pa Chipata

"Alamu, ngati muli ndi mawu otsiriza nenani, ndikamuuze mlongo wanga," anatero Gangu, nyundo ili m'manja.

"Mukamuuze kuti achimwene ake nyundo imawalemera. Menyani!"

Ndinali nditaima pakati penipeni pa chipata chatsopano cha linga la Mandu. Pamwamba pa mutu wanga panali miyala yoyalidwa mopindika ngati uta, uliwonse wolemera kuposa ng'ombe, yonse itatsamira chimango chamatabwa chimene tinamangirapo. Mwambo wathu amisiri ndi wakuti tsiku lochotsa chimango, mwini ntchito amaima pansi pake. Miyala ikagwa, mlandu wathera pomwepo.

Komatu mwini ntchito sindinali ine. Anali Miraki wa ku Herati, amene anaitanidwa kuti adzatiphunzitse kumanga zipata za mtundu umenewu. Iye ankajambula papepala, ife n'kumathyoka misana. Zilembo ndinangoziphunzira zaka ziwiri, koma mwala ndinkaudziwa kuposa iye, ndipo ndikunena izi lero mano atatha m'kamwa, wondiopseza palibe.

Masiku atatu m'mbuyomo, Maliki Kiwamu, mkulu wa asilikali a m'lingamo, anabwera pa hatchi yake, osatsika n'komwe.

"Lachisanu ankhondo akubwerera kuchokera kum'mwera. Njovu ya Sulutani, mfumu yathu, idzalowera pano. Matabwawa achoke."

"Mbuyanga, laimu womatira miyalayi sanaume," anatero Miraki. "Afunika miyezi ina iwiri."

"Ndiye ndikaiuze njovu idikire panja miyezi iwiri? Lachisanu!"

Lachisanulo m'mawa Miraki anatulukira akutsimphina, bondo atalikulunga nsalu. Anandiitana ndi chala.

"Dhanu, mwala wapakati unaika ndiwe. Ntchitoyi ndi yako. Ukaime."

"Bwana, makutu angawa anagontha ndi nyundo. Tanenaninso mokweza."

Ananenadi mokweza, ndipo amisiri makumi anayi anamva.

Pali chimene iye sankachidziwa. Ine laimu sindinamukhulupirirepo, ngati mmene sindikhulupirira munthu wolankhula mokoma. Bambo anga ankamanga akachisi popanda matope alionse. Ankaboola miyala iwiri, n'kuilumikiza ndi chitsulo chopinda uku ndi uku, n'kuthirapo mtovu wosungunula. Nditamuuza Miraki za njira imeneyi anaseka. "Zakumudzi izo, za anthu osadziwa masamu." Ndinati, "Chabwino, bwana." Koma masana alionse, iye akapita kukagona pamthunzi, ine ndi Gangu tinkalowetsa zitsulo zathu mwala ndi mwala, n'kuphimba bwinobwino ndi laimu wake yemweyo.

N'chifukwa chake ndinaima pamenepo manja ali kumbuyo.

Gangu anamenya. Chikhomo choyamba chochirikiza chimango chinathawa, chachiwiri, chachitatu. Anzathu mbali inayo anamenyanso. Matabwa analira, chimango chinatsika pang'ono, ndipo pakati pa thabwa ndi mwala panaoneka kuwala kwa dzuwa. Miyala inakukuta ngati mano a munthu wamalungo. Fumbi loyera linakhuthukira pamutu panga, m'mapewa, m'maso.

Kenako zii.

"Alamu!" anafuula Gangu. "Ndinu nomwe kapena mzukwa? Mwayeratu mbuu!"

"Chotsani matabwa, inu. Ulesi basi."

Anthu anaseka, ena akulira. Wina anandipsompsona dzanja. Miraki anali ataima kutali, kuseri kwa ngolo ya miyala, pakamwa pali yasa.

Tisanamalize kukoka mizati yotsiriza, ng'oma zinamveka kumunsi kwa phiri. Maliki Kiwamu anali kubwera patsogolo pa ankhondo, pambuyo pake wantchito atanyamula mkanjo wasilika, umene amaveka mmisiri amene waima pansi pa chipata. Wovala mkanjo umenewo sanyamulanso mwala moyo wake wonse. Amapatsidwa munda, ndipo dzina lake limasemedwa pakhoma. Maliki nkhope zathu sankazidziwa. Kwa iye tonse tinali misana yowerama. Munthu woima pansi pa chipatayo ankangomuzindikira ndi fumbi lapamutu.

Koma laimu amawotcha m'maso. Gangu anandikokera pamtsuko wa madzi kuseri kwa khoma, n'kunditsanulira mtsuko wonse kumutu. "Mukalandira bwanji ulemu muli wakhungu?" Anachita mwachikondi, chitsiru cha munthu, ndipo mpaka anamwalira sindinamuuzepo kanthu.

Nditatsegula maso, madzi akuyenderera m'khosi, ndinaona Miraki akuthamanga, miyendo yonse ili bwinobwino. Anafika pamene ndinaima ine paja, pamene panali mapazi anga awiri atadindika m'fumbi. Anayang'ana kumsewu. Hatchi ya Maliki inali itatulukira pokhota.

Amisiri makumi anayi aja anangoyang'ana pansi.

Miraki anagwada, anatapa fumbi ndi manja awiri, n'kudzithira panduwira ndi m'mapewa. Kenako anaimirira, anaponda m'mapazi mwanga momwemo, n'kuika manja kumbuyo.