Timphete tagolide m'firiji

Kwawo ankamutchula kuti Dokotala, koma moseka, poti sanachizepo ngakhale chimfine. Ntchito yake inali ya timphete tagolide, tating'ono moti tambirimbiri tikhoza kukwana pansonga ya tsitsi. Ankatiika m'firiji ya mu labotale n'kumadikira. Akuti tikazizira kotheratu, magetsi amazungulira okha m'kati mwake popanda batire, ndipo kamphete kalikonse kamasanduka kamaginito kofooka. Kamaginito kameneko ndi komwe ankasaka, mpaka imvi zinayamba kumutuluka.

Firijiyo inkatenga masabata kuti izizire. Itangofika pake, mzere wa pakompyuta wosonyeza mphamvu ya kamaginitoko, womwe unkangogona zaka zonsezi, unayamba kudumphadumpha. Tsiku lomwelo mlongo wake anaimba foni.

"Achemwali, bambo awagoneka m'chipatala. Akukufunsani."

"Ndibwera Loweruka."

"Loweruka? Matendawo mwapangana nawo?"

Anapita kwa Pulofesa, mkulu wa labotaleyo, yemwe anamumvetsera maso ali pa mzere uja.

"Pitani, mayi, angakuletseni ndani? Kungoti mukachoka, firiji tiipereka kwa anzathu a chipinda chinacho. Mudzaionanso chaka chamawa."

Sanapite. Anadziuza kuti bambo ake ndi munthu wolimba, anadwalapo zoposa apa. Foni ankaithimitsa n'kuisiya m'chikwama pakhomo, chifukwa inkasokoneza makina. Lachinayi masana atatuluka kuti akadye, anaiyatsa, n'kupeza uthenga wa mlongo wake: "Musathamangenso."

Kunyumba anapeza mipando atatulutsa panja, abale ali thoo pabalaza. Mayi ake anangomukumbatira. Azakhali ndiwo sanathe kusunga pakamwa.

"Chitseko chikangotseguka bambo ako ankadzutsa mutu. Akaona kuti ndi nesi, ankagonanso."

Mawa lake, akutsuka makapu kukhitchini, mnzake wa kuntchito anaimba. Anayamba ndi kupepesa maliro, kenaka anatsokomola.

"Chikepe chokweza anthu m'mwamba, chomwe chili kuseri kwa khoma la labotale, chawonongekanso lero m'mawa. Chitangoima, mzere wako wagona. Ndafunsa alonda, akuti anachikonza tsiku lomwe mzerewo unayamba kudumpha. Pepa, mnzanga. Umayeza anthu okwera ndi kutsika."

Anaika foni pawindo, manja akuchucha thovu. Madzi anali kutayikira pansi, iye osawaona.

Mlongo wake analowa ndi makapu ena, maso ali psuu. Anatseka mpopi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye zomwe munatsalirazo, zatheka?"

Choona chinafika pamlomo, koma atayang'ana nkhope ya mlongo wakeyo anachimeza.

"Zatheka."

"Bola," anatero mlongo wake, akupukuta maso ndi mkono wa shati. "Bola sizinapite pachabe."

Mlongoyo anatuluka n'kukauza mayi, mayi n'kuuza azakhali. Posakhalitsa abale anayamba kulowa kukhitchini mmodzimmodzi kudzamugwira chanza, ati malemu akananyadira. Iye ankapukuta dzanja pasiketi, n'kulipereka, n'kumati zikomo.