Tsamba Lachitatu

Ndinakhala nacho mumtima masabata asanu osauza munthu: dzina la amayi anga m'kabuku kaja ndinalifufuta ndine.

Amayi saona. Ndiwo anayambitsa ofesi yopezera ntchito anthu aulumali, pakhonde pathu, ine ndisanabadwe. Anali ndi tebulo limodzi, mipando iwiri ndi ndodo yawo yoyera. Bwana akakana kulemba munthu wawo, amayi ankakakhala pakhomo pa kampaniyo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, osanena kanthu, tsiku ndi tsiku, mpaka bwanayo atachita manyazi. Telala wina wosamva analowa ntchito motero. Enanso ambirimbiri.

Ofesi itakula inasamukira m'nyumba yamagalasi, ndipo kunabwera Adayilekita, bambo wa tayi wofiira. Amayi anauzidwa kuti akapume.

Nditamaliza sukulu, Adayilekita anandilemba ntchito yotayipa. Pokonzekera chikondwerero cha zaka makumi awiri, anandipatsa mbiri ya ofesiyo kuti ndiitayipe. Ndime ya amayi ndinailemba ndekha pa tsamba lachitatu. Adayilekita anaiwerenga ataima kumbuyo kwanga.

"Zokhala pazitseko za eni ngati opemphetsazi, alendo athu aziwerenge? Chotsa. Lemba kuti inayambitsa ndi komiti."

"Koma bwana, ndi amayi anga..."

"Ndikudziwa. Nanga adzaona?" Anaseka, mlembi wawo wamkazi nasekanso. "Ofuna mpando wakowo ali mbwee panjapo."

Ndinafufuta. Sizinatenge ngakhale mphindi.

Kabuku katatuluka ndinapita nako kunyumba. Amayi anakasisita, nakanunkhiza.

"Ndiwerengere pamene pali ine."

Ndinatsegula tsamba lachitatu n'kuyamba kunena mawu amene panalibe: khonde, tebulo, ndodo, telala. Ndinkawadziwa pamtima.

"Bwerezanso," anatero. Ndinabwereza katatu. Anapinda ngodya ya tsambalo kuti lisawasowe.

Tsiku la chikondwerero anavala diresi lawo labuluu. Anawakhazika kumbuyo, pafupi ndi makatoni a zakumwa, pamodzi ndi anzawo akale. Ine ndinkagawa timabuku. Ndinangoona amayi akukoka mkono wa mlembi uja.

"Mwanawe, awerengere anzangawa pamene ndapindapa. Amve nawo."

Mlembi anayang'ana tsambalo, nayang'ana ine, kenaka anawerenga mokweza bwinobwino: "Ofesi yathu inayambitsidwa ndi komiti ya anthu akufuna kwabwino."

"Pitiriza."

"Zathera pomwepo, agogo. Kwatsala chithunzi cha Adayilekita akudula riboni. Ndikufotokozereni tayi wawo?"

Ena anaseka. Telala uja, amene sanamve kalikonse, ataona anthu akuseka anamwetulira n'kuwaombera amayi m'manja. Ine ndinangoti ndwii ndi timabuku tanga pachifuwa. Amayi anapapasa ngodya yopindayo kawiri, natseka kabuku.

Pobwerera anagwira chigongono changa monga mwa masiku onse. Tinadutsa pa kampani ina imene kale anakhalapo pakhomo masabata atatu. Nthawi zonse akamva phokoso la makina ake amayamba nkhani, koma tsikuli anangodutsa.

"Mtsikana uja wachitira dala," anatero titakhota. "Mawa ukamuwerengere iweyo pamaso pa abwana ake, achite manyazi."

Ndinaima.

"Amayi, sananame. Ndanama ndine. Dzina lanu ndinalifufuta ndekha, kuopa kuchotsedwa ntchito. Zimene ndinakuwerengerani zija mulibe."

Amayi anachotsa dzanja lawo pachigongono changa, natambasula ndodo yawo, n'kuyamba kugogoda njira okha.