Tambala Wopanda Mchira

Aphunzitsi atatu a ku Kabwazi adapangana zokawedza m'mitsinje ya paphiri la Zomba Loweruka ndi Lamlungu, ndi mbedza zomangirira nthenga kuti nsomba ziziyesa tizilombo. A Gervazio ankachita kuvinavina poonetsa anzawo nthenga zofiira.

"Achimwene, nsomba zikachita kulimbirana!" adakuwa a Mathias. "Mwazipeza kuti?"

Pomwepo a Filomena, akazi a Gervazio, adatulukira atapanira tambala m'khwapa, mchira wonse utazulidwa.

"Bambo, uyu ndi wa chopereka cha masika. Mwamuvula nokha, mukamperekanso nokha kuguwa Lamlungu, mpingo wonse ukuona."

A Gervazio adacheukira anzawo kuti awapepesere, koma onse adali atagwa ndi phwete.

"Musadandaule," adatero a Samuel akupukuta misozi, "pampando panu m'minibasi tiikapo ndowa ya nsomba."