Nsapato ya Aphunzitsi

Kasanu konse wosoka nsapato anayesa kulowetsa ulusi pa singano, kasanu konse ulusi unadutsa pambali. Ananyowetsa nsonga yake ndi malovu, nakwezera singanoyo kudzuwa, koma maso ankangoona nkhungu. Zaka makumi atatu pa khonde lomweli, lero kabowo ka singano nkumuthawa!

Mwana wake wamkazi anali chiimire, katoni ili m'manja. Anabwera kudzalongedza zida.

"Bambo, adokotala ananena kuti maso atha. Tiyeni kwanga muzikapuma."

"Ndikapume chiyani, mayi? Ndizikawerenga malata kudenga?"

"Dzulo mwasokera chala chanu kumodzi ndi nsapato ya eni."

Bamboyo anabisa chala chomangidwa kansanza. Akamuchotsa pano adzakhala ndani? Munthu wongodikira mbale basi. Mwanayo anayamba kuponya m'katoni nyundo, mpeni, zidutswa za tayala, chitini cha guluu. Iye anangogwiritsitsa benchi ngati akufuna kumunyamula nalo limodzi.

Kenaka anatchera khutu. Mumsewu munkamveka mapazi: gu, kwee, gu, kwee.

"Aphunzitsi awo," anatero asanawaone. "Koma nsapatoyo wina waigwira."

Aphunzitsiwo anali mayi wobadwa ndi mwendo wakumanzere waufupi, ndipo zaka zonsezi nsapato yawo ankaikweza ndi iyeyu, pomata zidutswa za tayala kunsi kwake. Anafika akukoka phazi, thukuta lili kamukamu.

"Akulu, ndafa ndi msana. Nditamva kuti mukusiya ndinapita kwa uja wa makina. Anandiyeza ndi tepi bwinobwino, koma taonani, ndikuyenda ngati bakha. Ana m'kalasi akuchita kundiyeserera."

"Tepi imayeza mwendo, siyeza mayendedwe. Tayendani mufike pa mtengo wa magetsi apo, mubwerenso."

Bamboyo anatsinzina n'kumamvetsera. Phazi linkagwera kunja. Atalandira nsapato anaisisita kunsi ndi chala chachikulu.

"Mpeni, mayi."

Mwanayo sanasunthe.

"Chonde, mayi wanga. Iyi yokha."

Mwanayo anautulutsa m'katoni. Bamboyo anasenga mbali yamkati pang'onopang'ono, namata kachidutswa kopyapyala mbali yakunja. Guluu atagwira, panatsala kusoka. Anatola singano. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, mpaka misozi inagwera pachikopa. Aphunzitsi anayang'ana kumbali.

Mwanayo anakhala pabenchi, natenga singano, nalowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi. Bamboyo anasoka osayang'ana, zala zikupeza zokha njira.

Aphunzitsi anavala, nayenda. Gu, gu, gu, gu. Atafika pa mtengo paja sanabwerere msanga. Anaima chowongoka, dzanja lili pamsana, kenaka anafuula, "Akulu inu, Mulungu akusungeni!"

Mwanayo anatsegula kabokosi ka masingano, nayamba kulowetsa ulusi pa singano imodzi ndi imodzi, nkumawabaya pa chinsalu cha pamwendo pa bambo ake. Anakwana khumi ndi awiri.

"Awa akufikitsani Lachitatu?"

"Mawa masana atha."

"Bambo inu! Ndiye ndizidzera pano tsiku lililonse popita kuntchito?"

"Si kutali," anatero bamboyo, dzanja likufufuza kale nsapato ina pansi pa benchi.