Chotupa cha Kwini

Achimwene anga akamandionetsa kwa anzawo sanena kuti ndine dokotala wa ziweto. Amati, "Uyu ndi mlongo wanga uja wa agalu," kenako amadikira kuti anthu aseke. Akhala akuchita zimenezi kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo nthabwala yake ndi imodzi yomweyo: akuti ndinkafuna kuchiza anthu koma mutu unakana, ndiye ndinathawira kwa odwala osatha kudandaula. Iwo amagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yogulitsa matayala, koma mukawamva akuyankhula mungayese palibe sukulu imene sanalowemo. Matenda amawadziwa, malamulo amawadziwa, ngakhale injini ya ndege akhoza kukufotokozerani atapinda manja.

Choncho nditawaona m'mawa wina atakhala pa benchi ya chipatala chathu, pakati pa mayi wa mphaka m'basiketi ndi mkulu wina wa kagalu kotsokomola, ndinadziwa kuti zawathina. Pamapazi awo panagona Kwini, galu wawo wamkazi, wamkulu, wa makutu oima ndi msana wakuda. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo anali ataswa kasanu ndi kamodzi. Ana ake achimwene ankawagawa kwa anthu amene ankafuna kuti aziwaona bwino, ngati mmene ena amagawira makalendala.

Nthawi yawo itakwana analowa osapereka moni kwa anesi, n'kundiuza kuti ndingowapatsa mafuta opaka, galuyo ali ndi mkaka woundana m'bere. Matenda anali atawapeza kale okha. Kwa ine anangobwerera botolo.

Tinamukweza Kwini patebulo. Anali galu waulemu kuposa mwini wake, anandinyambita dzanja n'kugona chammbali osavuta. Ndinayendetsa zala pamimba kuyambira kuchifuwa. Pa bere lachinayi kumanzere panali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, cholimba, cha mabampumabampu, chosasuntha pansi pa khungu. Pafupi pake panali tina tiwiri ngati nyemba. Nditafunsa kuti anachiona liti, anati posachedwa pompa. Nditafunsanso, anati mwina miyezi iwiri. Pamene ndinkameta ubweya pamalopo anaulula okha kuti papita miyezi isanu, ndipo nthawi yonseyo ankamupaka mankhwala awo a msana, aja onunkha ngati mukuwotcha bulugamu.

Ndinabaya singano yopyapyala pachotupacho, n'kuyala timadzi take pagalasi. Pa maikulosikopu ndinaona zimene sindinafune kuona: maselo osiyana kukula, owunjikana mopanda dongosolo. Ndinadula kachidutswa kotumiza ku labotale, n'kumujambula ekisileyi ya pachifuwa. Mapapo anali oyera. Pamenepo mtima unakhalako pansi, chifukwa zinatanthauza kuti tinali tisanachedweretu.

Zotsatira zinabwera patatha masiku anayi. Ndinawaitana achimwene n'kuwakhazika pampando wa mu ofesi yanga. Ndinawauza kuti ndi khansa ya m'mawere, kuti mwa agalu aakazi okalamba ndi yofala, ndipo mankhwala ake enieni ndi mpeni. Tichotse mawere a mbali yonse yakumanzere, tichotsenso chiberekero, sabata yomweyo. Tikatero galuyo akhoza kukhala zaka zina ziwiri kapena zitatu akuuwa pageti. Tikachedwa, matendawo apita m'mapapo, ndipo kumeneko mpeni sufika.

Anamvetsera akugwedeza mwendo, maso ali pa foni. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha.

"Ukachotsa mawerewo, anawo akayamwa chiyani?"

"Ana ake ati, achimwene?"

Apa m'pamene nkhani yeniyeni inatuluka. Bwana wawo watsopano ku ofesi anaona chithunzi cha Kwini n'kumuyamikira, ndipo achimwene, pofuna kuoneka munthu, analonjeza pamaso pa anthu kuti amupatsa mwana wa galuyo. Mphongo anali ataipeza kale kwa mnzawo wina. Zoti galu akudwala anaziona ngati mwano umene galuyo wawachita.

Ndinayesa njira zonse. Ndinati chabwino, chiberekero tisiye, tichotse zotupa zokha. Anakana. Anati anawerenga pa foni kuti khansa ukaigwira ndi mpeni imalusa, ndipo madokotala timakonda kudula chifukwa ndi zimene tinaphunzira basi. Anati galu aswe kaye, zodulazo tidzaona pambuyo. Ndinawauza kuti pambuyo pamene akunenapo sipadzakhala choona. Anaseka, n'kundikumbutsa kuti pamene ine ndinkabadwa iwo anali atayamba kale kuweta agalu. N'zoona. Ndimawakumbukira agaluwo. Palibe ngakhale mmodzi amene anafa ndi ukalamba.

Malamulo a ntchito yathu salola kulanda chiweto kwa mwini wake chifukwa choti ndi chitsiru. Ndinawalembera mankhwala ochepetsa ululu, ndinawasainitsa pepala losonyeza kuti akana opaleshoni, iwo n'kusaina ndi siginecha yawo ija yodzaza theka la tsamba. Anamukoka Kwini ndi tcheni n'kumapita.

Panapita masabata khumi. Ndinaimba foni kawiri, osayankha. Kachitatu anayankha kuti ali pamsonkhano.

Amene anabwera ndi Kwini ndi alamu anga, akazi awo, pa takisi, atamukulunga m'nsalu yakale ya pabedi. Fungo linalowa iwo asanalowe. Anthu a pa benchi anatseka mphuno, wina n'kutuluka panja ndi mphaka wake. Chotupa chija chinali chitakula ngati chibakera cha munthu wamkulu ndipo chinali chitaphulika, chikutuluka mafinya ndi magazi, ntchentche zitaikiramo kale mazira. Kwini anali atatha, nthiti zikuwerengeka. Koma atandiona anagwedezabe mchira, kawiri, pansi.

Alamu ndi munthu wosayankhulayankhula, zaka makumi awiri za ukwati umenewo zinawaphunzitsa kusunga mawu. Tsiku limenelo anayankhula. Anati mphongo ija inabwera, inakhala masiku atatu, koma bere silinagwire. Chotupa chitaphulika, achimwene anadandaula kuti fungo likufika pabalaza pamene akuonera mpira, ndiye anakamumangirira kuseri kwa galaja, pamene pamakhala matayala akutha. Alamuwo ndi amene ankapita kukamutsuka ndi madzi amchere m'mawa uliwonse. Tsikulo anadikira kuti bambo apite kuntchito, n'kuitana takisi.

Ndinajambulanso pachifuwa. Nditaika chithunzicho pa nyali, sindinafunike kufotokoza zambiri. Mapapo aja anali oyera tsopano anali ndi timadontho toyera mbali zonse, ngati wina wawazapo thonje. Alamu anafunsa ngati kulibe mankhwala a m'diripi aja amapatsa anthu a khansa. Ndinawauza zoona: alipo, agalu ena timawapatsa ndipo amathandiza, koma pa mtundu uwu, pofika apa, angomuzunza osamuwonjezera masiku. Chimene ndikanatha n'kuchotsa chilondacho kuti asamve ululu ndi kununkha, akhale bwino miyezi imene yamutsalira.

Mwini galu anali achimwene, ndiye ndinayenera kuwaimbira. Ndinawauza zonse mwachidule. Kumbali kwawo kunali phokoso la mu ofesi.

"Chita zimene ukuona," anatero. "Suja umati ndiwe dokotala?"

Opaleshoni inatenga maola awiri ndi theka. Ndinachotsa nyama yowola yodzaza mbale yachitsulo, khungu lotsala linali lochepa moti posoka ndinachita kukoka ngati ndikutseka chikwama chodzaza. Anesi, amene agwira ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine, anangopukusa mutu n'kunena kuti anthu ena akanamabadwa ndi mchira bwenzi tikuwadziwira patali.

Kwini anadzuka. Patatha masabata awiri tinachotsa ulusi, ndipo anayamba kudya ngati akubweza masiku onse aja. Alamu anamuyalira bulangete pakhonde la kukhitchini, mapilitsi ankamubisira m'chidutswa cha chiwindi. Ankanditumizira zithunzi: Kwini ali padzuwa, Kwini akuuwa wogulitsa masamba, Kwini waba nsapato. Inali miyezi itatu yabwino, ndipo pa zonse zimene ndinachita pa nkhaniyi ndi yokhayo imene sindichita nayo manyazi.

M'mwezi wachinayi Kwini anayamba kutsokomola ndi kupuma mwabefu. Lamlungu lina tinakumana tonse kwa amayi pa chakudya chamasana, ndipo achimwene, pakamwa pali podzaza, anauza atsibweni ndi azakhali kuti galu wawo anali bwinobwino, kachotupa kokha, mpaka pamene mlongo wawo anamuika mpeni. Anati anandichenjeza koma ana a masiku ano samva. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Amayi anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisayankhe, monga akhala akuchitira chibadwire changa. Ndinangowayang'ana achimwene akutafuna, mafuta akuyenderera pachibwano, n'kumadzifunsa kuti kodi mimba imodzi inatulutsa bwanji anthu awiri ife.

Tsiku lomaliza linali Lachisanu masana. Kwini anali atasiya kudya masiku awiri, ankagona chokhala chifukwa akagona chammbali mpweya sunkalowa. Ulendo uno achimwene anabweretsa alamu ndi galuyo pa galimoto yawo, koma sanatsike. Anati sakonda fungo la m'chipatala. Alamu anakhala pansi pa simenti, mutu wa galu uli pamiyendo pawo, akumukanda kuseri kwa khutu. Ndinameta pang'ono pa mwendo wakutsogolo, ndinapeza mtsempha, n'kulowetsa pang'onopang'ono mankhwala omugoneka kuti asadzukenso. Sipanathe mphindi. Ndinamvetsera pachifuwa, ndinawauza alamu kuti wapita. Analira mwakachetechete, ine n'kuwasiya okha m'chipindamo.

Panja pa chitseko ndinapeza achimwene ataima pa kauntala. Fungo lija analipirira tsopano chifukwa anali ndi chofuna. Anatsitsa mawu, n'kunditchula dzina la paubwana limene amalikumbukira pokhapokha akafuna kanthu. Zinapezeka kuti miyezi yonseyi achimwene ankamuuza bwana uja kuti Kwini ali ndi bere, kenako kuti linachoka, kenako kuti watenganso lina. Mabodza anali atawathera. Ankafuna ndiwalembere kalata, ya chidindo cha chipatala, yonena kuti galuyo wafa pobereka pamodzi ndi ana ake.

"Ndi kapepala chabe," anatero. "Kwa iwe n'chiyani?"

Ndinawauza kuti adikire. Ndinalowa mu ofesi n'kulemba kalatayo bwinobwino, pa pepala la chipatala. Ndinalemba tsiku limene ndinapeza khansa, tsiku limene mwini galu anakana opaleshoni, tsiku limene galu anabwezedwa chilonda chili ndi mphutsi, ndi tsiku limene tinamugoneka. Ndinalembanso kuti pa nthawi yonseyi galuyo sanakhalepo ndi bere. Ndinadinda chidindo, ndinasaina, n'kukawapatsa m'manja.

Anawerenga ataima pomwepo, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anandiyang'ana ngati akufuna kunena zija amanena, koma pa benchi panali anthu asanu ndi ziweto zawo, onse akuwayang'ana. Anaisiya kalatayo pa kauntala n'kutuluka, ndipo tinamva akuliza hutala kuitana akazi awo.

Alamu sanafulumire. Anapinda bulangete la Kwini, anasamba m'manja pa sinki, anathokoza anesi. Podutsa pa kauntala anaiona kalatayo, anaiwerenga yonse, n'kuiika m'chikwama chawo. Hutala inalirabe kachitatu iwo akufunsa anesi za malo amene timaika agalu akafa, ndiponso ngati angaloledwe kubwera mawa lake kudzaonerera.