Wogulitsa Mbatatesi pa Mpamba

Obed Mandala anapha mlongo wanga Belita m'chaka cha 1987, kwathu ku Angonia, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo. Iye ndiye ankatsogolera anyamata a mfuti amene anatulukira m'mudzi mwathu kuchokera kutchire. Anatisenzetsa chimanga chathu chomwe. Belita anali ndi pakati, ndipo atakhala pansi kuti apume, Obed anamuwombera. Ine ndinali pambuyo pake, thumba lili pamutu.

Kwathu kunali kokoma, anthu inu. Mwezi wa Juni chifunga chinkaphimba mapiri mpaka dzuwa kukwera. Mapichesi ankangoyoyoka, nkhumba n'kumadya. Ine ndi Belita tinkakumba mbatatesi kudimba, iye akuimba nyimbo za ngoma molakwitsa dala kuti ndipse mtima. Kuno ku Nkhata Bay ndakalambira kucheka mitengo ya labala pa esiteti. Kondowole ndinazolowera, koma kutentha kwa kuno thupi langa likukanabe.

Othawa nkhondo sankawalemba ntchito, choncho nditafika kuno ndinati ndine wa ku Ntcheu, monga ankanenera ambiri. Chilankhulo n'chimodzi, malire ake ndi msewu chabe. Nyumba ya pa esiteti, chiphaso changa, ziphaso za ana anga, zonse zinatsamira pa mawu amenewo.

Chaka chatha pa msika wa Mpamba panaima lole ya mbatatesi. Ndinatola imodzi n'kununkhiza dothi lake, ndipo linali dothi la kwathu lenileni.

"Madala, imeneyo si fodya! Gulani, ndikuikirani basela."

Ndinayang'ana wogulitsayo. Mutu unali wa imvi, mimba itatuluka, koma mawu ake sanakalambe. Anali Obed.

Ndinapita kwa a Wanangwa, aphunzitsi oyandikana nafe, amene sasiyana ndi wailesi.

"Aphunzitsi, khoti lija la ku Hague mumalikamba lija, limamva milandu ya anthu wamba?"

"Ada Tobias, mwayambana ndi ndani? Kapitawo?" anatero akuseka.

Ndinawafotokozera ngati nkhani ya mnzanga, pakuti mphunzitsi ndi munthu wa boma. Kuseka kuja kunatha. Anafufuza pa foni yawo kanthawi.

"Khotilo linayamba mu 2002. Za m'mbuyo silizikhudza. Komanso ku Mozambique nkhondo itatha anagwirizana kuti zonse zakhululukidwa."

"Anakhululuka ndani? Mnzangayo anamufunsa?"

"Akuluakulu, ada."

"Nanga aja timawamva akuzengedwa aja?"

"Kawirikawiri ndi amene anagonja, kapena amene anzawo atopa nawo."

Basi ndinadziwa kuti khotilo lili ngati wogula nsomba wa m'tauni, amene amatola zimene wazikonda, zotsalazo n'kusiyira ntchentche. Ndinati bwalo langa likhala msika. Ndikamutchula dzina pamaso pa anthu onse a pa Mpamba, amve chimene anachita.

Lole itabweranso ndinavala malaya a kutchalitchi n'kukaima patsogolo pake.

"Obed Mandala, ukundidziwa iwe?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenako anaseka.

"Mwana wa a Jacob, a kudimba la kumtsinje! Achimwene, muli moyo? Mulungu ngwamkulu."

"Belita."

Anapukuta manja pa thalauza, nanditengera kuseri kwa lole.

"Nkhondo inatha, achimwene. Kumudzi anandisambitsa mankhwala, abusa anandibatiza. Zimene zija zinatsala kutchire."

"Ndikuwa pompano."

"Kuwani. Koma ndamva kuti kuno ndinu a ku Ntcheu. Inenso ndine wa ku Ntcheu. Apolisi akabwera atifunsa tonse awiri kuti ku Angonia tinkafunako chiyani. Ine ndili ndi lole, mawa ndili kwina. Inu ana anu muwanyamulira pati?"

Ndinabwerera kutsogolo kwa lole, anthu ali piringupiringu. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma ndinaganiza za Ireen, mwana wanga wotsiriza, amene boma linali litangomulemba unamwino. Mayi Mary, ogulitsa usipa pafupi pomwepo, anatiyang'ana uku akuingitsa ntchentche.

"Ada Tobias, mwapezana ndi abale anu? Auzeni atitsitsire mtengo!"

"Ndi a kwathu," ndinatero.

Obed anandithirira mbatatesi m'jumbo, nakana kulandira kanthu. Anthu ankaona, choncho ndinanyamula. Ndinakazitaya m'ngalande ya m'munda wa labala.

Obed amabwerabe pa Mpamba nyengo ya mbatatesi, ndipo wagula malo ku Chintheche, akumanga sitolo. Belita tinamusiya m'mbali mwa njira ya kuphiri, wosaikidwa. Mlandu wake sunalowe m'bwalo lililonse.